Wakhoza mayeso a mbiri ya zovala, koma waphunzira chiyani?

Semesita ikatha, zotsatira zimamatidwa pa bolodi: uyu 78, uyo 52, winayo walephera. Kholo la ku Makanjira kapena ku Namwera limene linagulitsa mbuzi kuti lilipire fizi limangofuna kumva ngati mwana wakhoza, ndipo m'pomveka. Koma pali funso lina limene koleji iyenera kudzifunsa yokha: wa 78 uja akutha kuchita chiyani lero chimene sankatha tsiku limene analowa m'kalasi? Pa ntchito zina zamanja mafunso awiriwa amayendera limodzi, chifukwa cholakwika chimaonekera pomwepo aliyense akuona. Pa mbiri ya zovala si choncho. Munthu akhoza kuchezera usiku umodzi kuloweza mayina ndi zaka, kupeza malikisi ochuluka, n'kutuluka m'koleji asakutha kugwira chovala n'kunenapo kanthu kanzeru.

Ena amadabwa n'komwe akamva kuti wophunzira utelala ndi kukonza masitayilo amaphunziranso mbiri. Amati makina amafuna phazi ndi dzanja basi. Koma taganizani za kasitomala amene wabwera ndi chithunzi pa foni, diresi lofewa lotsata thupi, m'manja atanyamula chitenje chatsopano cholimba. Telala wodziwa mbiri amazindikira msanga kuti diresilo linadulidwa mopingasa ulusi wa nsalu, kadulidwe kamene Madeleine Vionnet anatchukitsa ku Paris m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 pa nsalu zopepuka, ndipo amawauza mayiwo chilungamo asanaike sizasi: “Amayi, chitenje ichi sichingagwe chonchi, tisinthe nsalu kapena sitayilo.” Mbiri imene tikunena pano ndi imeneyo, yopatsa munthu diso loonera chovala. Choti tiyeze ndi disolo.

Kumayambiriro kwa silabasi yolongosoka kumalembedwa zimene wophunzira adzathe kuchita pomaliza phunzirolo. Mabungwe oona za maphunziro a m'makoleji m'dziko muno, National Council for Higher Education imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndi TEVETA imene inayamba mu 1999, amafuna kuona zolinga zoterezi chifukwa popanda izo palibe poyezera. Pamene pamavuta ndi kalembedwe kake. Kulemba kuti wophunzira adzamvetsa mbiri ya zovala n'kokoma kumva, koma mphunzitsi salowa m'mutu mwa munthu kukaona ngati kumvetsako kulimo. Cholinga choyezeka chimatchula ntchito yooneka: akapatsidwa chovala chimene sanachionepo adzanena nyengo imene chinasokedwa ndi kupereka umboni, adzafotokoza mmene nkhondo, malonda, chipembedzo kapena lamulo zinasinthira kavalidwe, adzasiyanitsa nkhani yokhala ndi gwero ndi mphekesera.

Mu 1956 gulu la akatswiri a maphunziro ku America, lotsogoleredwa ndi Benjamin Bloom, linasanja ntchito za maganizo m'makwerero asanu ndi limodzi. Mu 2001 Lorin Anderson ndi David Krathwohl anawakonzanso kuti ayambire pa kukumbukira, kudzera pa kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula ndi kuweruza, n'kukathera pa kupanga chatsopano. Tengani nkhani imene sisowa m'phunziroli, ya Christian Dior. Funso la pansi penipeni ndi lakuti telala wotchukayu anaonetsa liti zovala za masiketi aatali zimene zinatchedwa New Look, ndipo yankho ndi Febuluwale 1947, ku Paris. Lokwererapo ndi lakuti n'chifukwa chiyani masiketi aatali odya nsalu yambiri aja anasangalatsa ena n'kukwiyitsa ena. Apa wophunzira ayenera kudziwa kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene, kuti ku Britain zovala zinkagulidwa ndi makuponi kuyambira 1941 mpaka 1949, choncho kwa mayi amene ankakhalira kusoka zigamba, nsalu yonseyo pa thupi la munthu mmodzi inali mwano. La pamwamba ndi kumupatsa chithunzi cha ukwati wa ku mishoni cha m'ma 1950 n'kumufunsa ngati diresi la mkwatibwi likutsata Paris kapena ayi, ndipo aloze pamene akuonera. Dior ndi yemweyo, koma mafunso atatuwa akuyeza zinthu zosiyana kutalitali.

Ophunzira si opusa. Funso lawo la tsiku ndi tsiku ndi lakuti, “Madamu, zimenezi zibwera pamayeso?” ndipo amawerenga motsata yankho lake, osati motsata zolinga za pa silabasi. John Biggs, katswiri wa maphunziro wa ku Australia, analimbikira mfundo imeneyi mu 1996: zolinga, kaphunzitsidwe ndi mayeso zikhale pa mzere umodzi, apo ayi mayeso ndiwo alamulira kalasi. Kuno kunyanja zimenezi sizivuta kumva. Maso a ukonde ndiwo amasankha nsomba, ndipo wotchera ukonde wa chambo sanganene kuti m'nyanja mulibe usipa. Mayeso a “tchulani ichi, tchulani icho” amakola oloweza okhaokha, pamene mwana wa diso lakuthwa pa nsalu amapyola osaoneka.

Sikuti mayeso oloweza anachuluka chifukwa cha ulesi wokha. Kalasi ikakhala yaikulu, mphunzitsi mmodzi, masiku ochongera ochepa, funso la yankho limodzi ndilo limapulumutsa, komanso silibutsa mkangano. Levi Strauss ndi Jacob Davis analembetsa buluku la jinzi lokhomedwa timisomali ta kopa mu 1873. Ukalemba china walakwa, nkhani yathera pomwepo. Phunziroli limadaliranso zithunzi. Magetsi akazima pakati pa mayeso pulojekita ilibe ntchito, kusindikiza zithunzi zamitundu za kalasi yonse kumadya ndalama, ndipo fotokope imasandutsa silika ndi thonje kukhala chinthu chimodzi chakuda bii. Ine sindili m'gulu la onena kuti kuloweza n'kopanda pake. Amene sadziwa kuti makina osokera a Isaac Singer ndi a 1851, kuti William Perkin anatulukira utoto wa nsalu wopangidwa ndi mankhwala mu 1856, kuti Charles Frederick Worth anatsegula nyumba yake ya zovala ku Paris mu 1858, alibe popachika zina zonse. Zaka zitatuzi zikaikidwa pamodzi zimaonetsa kuti zisanathe zaka khumi, kasokedwe, mitundu ndi kagulitsidwe ka zovala zonse zinali zitayamba kusintha. Timayeso tating'ono tapafupipafupi ta zinthu zotere n'tothandiza, bola tisatenge gawo lalikulu la malikisi.

Mayeso amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi a chovala pa tebulo. Njirayi inachokera kwa ofufuza zinthu zakale. Jules Prown wa ku yunivesite ya Yale ku America anaisanja mu 1982 kuti munthu ayambe wafotokoza zimene maso ndi zala zikumuuza, kenako alingalire tanthauzo lake, ndipo maganizo akeake abwere pomalizira. Makoleji a ku London ndi New York ali ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale za Victoria and Albert Museum ndi Metropolitan Museum pafupi. Ife tili ndi belo la kaunjika pamsika wa Mangochi, ndipo pa ntchito imeneyi belolo silochititsa manyazi ngakhale pang'ono: mumatuluka zovala za nyengo zosiyanasiyana, zochokera m'mayiko ambiri, pa mtengo woti koleji ikhoza kukwanitsa.

Tiyerekeze wophunzira wapatsidwa jekete lachizimayi, pepala ndi mphindi 20. Wopupuluma aona mapewa otukumuka n'kulemba kuti ndi la m'ma 1940, poti anaona zithunzi za nthawi ya nkhondo. Wodekha alitembenuza. Apeza kuti m'mphepete mwa misoko mwadutsa makina a ovaloko, osokera m'mphepete kuti nsalu isasosoke, zipi ya pathumba ndi ya pulasitiki osati yachitsulo, ndipo m'mbali mwasokereredwa kansalu konena kachapidwe. Akumbukira kuti ku America lamulo linayamba kukakamiza tinsalu totere mu 1972, ndi kuti poliyesita, ngakhale anatulukiridwa ku Britain mu 1941, anadzafala m'zovala pambuyo pake. Aphunzitsi akalola, asolola kaulusi mkati mwa msoko n'kukayatsa ndi machesi: thonje limanunkha pepala lopsa n'kusiya phulusa, pamene poliyesita amasungunuka n'kuuma kukhala kamkanda kolimba. Ndiye alemba kuti mapewa aakulu anatchuka kawiri, m'ma 1940 ndi m'ma 1980, ndipo umboni wonse ukuloza kwachiwiriko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pepala la mwana ameneyu likuonetsa zonse zimene silabasi inalonjeza, ndipo likasa silingathandize aliyense, popeza jeketelo palibe analionapo dzulo. Pochonga, malikisi ambiri apite ku umboni osati ku chaka. Wonena 1985 mongolota asapose wonena 1978 amene waona zipi, msoko ndi ulusi n'kulingalira bwino.

Tsono pali nkhani imene imandiwawa mtima: mbiri imene tikuyezayo ndi ya yani? Mabuku ambiri a phunziroli amayenda msewu umodzi, kuchokera ku Egypt ndi Greece, kudzera m'nyumba za mafumu a ku Europe, kukathera ku Paris, ndipo Africa imangopatsidwa masamba owerengeka. Mayeso akatsata buku, mwana wa kuno amatuluka akudziwa Coco Chanel ndi diresi lake lakuda la 1926, koma osadziwa kuti dera lake lomwe linali pa njira ya malonda a nsalu. Amalonda a Chiyawo ankayenda mpaka ku Kilwa, kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania, kupita ndi minyanga ya njovu ndi akapolo, kubwerako ndi mikanda, mfuti ndi nsalu, ndipo mafumu monga Mponda ndi Makanjira mphamvu zawo zinakulira pa malonda amenewo. Nsalu yoyera ya merikani inkalukidwa m'mafakitale a ku Massachusetts m'dziko la America n'kufika ku Zanzibar pa zombo za ku Salem, doko la komweko. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 itasokoneza njirayo, nsalu za ku Bombay m'dziko la India zinalowa m'malo. Nsalu inali ndalama, yoyezedwa ndi mkono ndi mkwamba. Anthu ankasula chiwondo kuchokera ku khungwa la mombo, ndipo kumunsi kwa Shire Amang'anja ankalima thonje ndi kuluka nsalu zawo, zimene David Livingstone anaziona mu 1859. Mkanjo ndi mzuli zimene timaziona Lachisanu lililonse zinabwera ndi Chisilamu m'njira yomweyo ya kugombe. Ovina beni, ndi mayunifomu awo, maudindo ndi mamendulo, amavala mbiri ya asilikali a nthawi ya atsamunda, gule amene anayambira kugombe la kum'mawa kwa Africa m'ma 1890 n'kufalikira kwambiri nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha.

Chitenje chomwe chili ndi ulendo wautali. Kampani ya Vlisco, imene inayamba mu 1846 ku Helmond m'dziko la Netherlands, inkatsanzira batiki, nsalu yojambulidwa ndi phula ndi utoto ya ku Java m'dziko la Indonesia, ndipo nsaluzo zinadzapeza msika ku Africa. Kwathu kuno fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inayamba kutulutsa nsalu m'ma 1960. Wophunzira amene watha kuwerenga zolembedwa m'mphepete mwa chitenje, n'kuchitembenuza kuona ngati utoto walowa mbali zonse ziwiri kapena wangodindidwa kumodzi, wachita ntchito yofanana ndi ya pa jekete ija.

Ndipo palibe chifukwa chogawira mayeso pawiri, za Azungu uku za kwathu uku. Funso labwino limamanga zonse. Masiketi aafupi amene Mary Quant anatchukitsa ku London m'ma 1960 sangasiyanitsidwe ndi lamulo la Malawi la mu 1973 loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo. Lamulolo linathetsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, komabe mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe anavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi. Kufunsa wophunzira kuti afotokoze chifukwa chimene lamulo linatha koma mkwiyo unatsala, ndi kumufunsa mbiri yeniyeni. Apa mphunzitsi ayenera kusamala kwambiri. M'kalasi ya ku Mangochi mumakhala wovala hijabu, wa ku Anglican, wa ku Katolika ndi wa mpingo wa pentekosite, aliyense ndi zimene analeredwa nazo pa kavalidwe. Wochonga naye ali ndi zake. Malikisi asakhale mphotho ya kugwirizana ndi aphunzitsi. Woikira kumbuyo lamulo lija ndi wolitsutsa onse akhoza kupeza malikisi onse, ngati anena zoona za chimene chinachitika, aonetsa gwero lake, ndi kuyankha mbali inayo mwaulemu.

Ntchito ina imene imaulula zambiri ndi ya kukacheza ndi achikulire. Wophunzira amapita kumudzi, kukhala pa mkeka, kupempha kuti sutikesi ya pansi pa bedi itsegulidwe. “Anganga, chitenje ichi munachipeza liti? Anakugulirani ndani?” Yankho silibwera ndi chaka. Limabwera loti ndi nthawi imene ankavinira Kamuzu, kapena chaka chimene anabadwa amalume ako. Ntchito ya wophunzira ndi kusandutsa mawuwo kukhala nyengo: kufunsa zaka za amalumewo, kuyang'ana nkhope ndi mawu odindidwa pa nsalu, kufananitsa ndi chithunzi cha pakhoma. Chimene chikuyezedwa si kukoma kwa nkhani ya anganga, koma ngati mdzukuluyo anaitsimikiza ndi umboni wina, anapempha chilolezo asanajambule, ndipo sanawonjezere zakezake. Koma tisaiwale kuti si banja lililonse lili ndi sutikesi yotere. Kwa osauka nsalu imavalidwa mpaka kusanduka chosefera ndi chopukutira, ndipo kwina madzi osefukira anakokolola zonse. Mwana asataye malikisi chifukwa cha umphawi wa kwawo. Akhoza kukacheza ndi telala wachikulire wa pakhonde la sitolo, mtsogoleri wa beni, kapena mayi wa m'bungwe la amayi a mpingo za yunifomu yawo.

Ntchito zoterezi zili ndi vuto limene mafunso oloweza alibe: aphunzitsi awiri akhoza kupereka malikisi osiyana pa pepala limodzi. Mankhwala ake ndi kulemba muyezo wochongera ntchito isanaperekedwe, n'kuupereka kwa ophunzira omwe. Mwachitsanzo, pa malikisi 20, asanu ndi atatu akhale a zimene waona pa chovala, asanu ndi limodzi a kuzilumikiza ndi nyengo yake, anayi a magwero, awiri a kalembedwe, ndipo pa gawo lililonse pafotokozedwe mmene ntchito yabwino, yapakati ndi yofooka imaonekera. Ochonga ayambe achongera limodzi mapepala ochepa, mayina atabisidwa, akambirane pamene asiyana, ndipo wochonga wochokera ku koleji ina adzaoneko ena. Awiri okha a kalembedwe aja ndawaika dala. Mayeso amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mwana amene anakula ndi Chiyawo, n'kuphunzira Chichewa, Chingerezi n'kukhala chachitatu, akhoza kuona zonse pa jekete lija koma chiganizo n'kumukanika. Chingerezi chili ndi phunziro lake ndi mayeso ake. Chikaloledwa kumeza malikisi a mbiri, koleji imadzinamiza kuti mwanayo sadziwa nsalu.

Kuyambira Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, asainimenti ya “lembani za moyo wa Chanel” inatha mphamvu, chifukwa foni imailemba munthu akusenda chinangwa. Chimene foni sidziwa ndi chitenje cha anganga ndi jekete la pa tebulo. Kuwonjezera apo, mphindi zisanu za kufunsana pakamwa zimakwanira. “Mwalemba kuti nsaluyi ndi yakunja, mwaonera pati?” Wolemba yekha dzanja limathamangira m'mphepete mwa nsalu. Wokopera amayang'ana kudenga.

Msampha wina uli pa ntchito imene ophunzira amaikonda kwambiri, yosoka chovala chatsopano motengera nyengo ina yakale. Tsiku loonetsa kumakhala nthungululu, ndipo diresi lokongola limakopa wochonga. Koma kusoka bwino kuli kale ndi malikisi ake m'phunziro lina. Pano choyezedwa ndi kabuku ka kafukufuku kamene kabwera ndi diresilo: watenga chiyani ku nyengoyo, wasintha chiyani, chifukwa chiyani, ndipo kodi akudziwa tanthauzo la chimene wabwereka, makamaka ngati ndi chovala cha chipembedzo kapena cha mwambo wa anthu ena.

Zonsezi ndi za kuyeza wophunzira. Kuyeza phunziro lenilenilo ndi ntchito ina, ndipo ndi imene imaiwalika. Michael Scriven anasiyanitsa mu 1967 kuunika kochitika zinthu zili m'kati, kuti zikonzedwe, ndi kuunika kwa pamapeto, kongopereka chigamulo. Mayeso a kumapeto kwa semesita amapeza matenda wodwala atapita kale. Njira yosavuta ndi kuika zovala zitatu pa tebulo sabata yoyamba, popanda malikisi, ophunzira alembe zimene akuona, mapepalawo asungidwe. Sabata yomaliza aikenso zina zitatu zofanana nazo kuvuta kwake. Mapepala awiriwo akaikidwa pambalipambali, kusintha kumaoneka kapena sikuoneka. Izi zimatetezanso ku chinyengo china: mwana wa telala amene anabwera akudziwa kale ovaloko ndi zipi akhoza kupeza 78 osaphunzira kanthu, pamene wa 52 uja ndiye wayenda mtunda wautali.

Kenako malikisi asamangophatikizidwa, aziwerengedwanso cholinga ndi cholinga. Kalasi yonse ikhoza kukhoza, koma poyang'ana bwino n'kupeza kuti pafupifupi onse anatola malikisi awo pa zaka ndi mayina, ndipo pa funso lolumikiza merikani ndi malonda a ku Kilwa anagwa onse. Zikatero vuto si la ana. Mwina mutuwo unaphunzitsidwa sabata yomaliza mothamanga, mwina funso linalembedwa mosokoneza, mwina m'kalasi sanayeserepo ntchito yotere ngakhale kamodzi. Zimene ophunzira amalemba pa fomu yonena ngati phunziro analikonda n'zothandiza, koma zimanena za kukonda, osati za kutha kuchita. Mphunzitsi wa kalasi yaikulu safunika kubwereza mapepala onse. Kutapako ochepa a pamwamba, a pakati ndi a pansi kumaonetsa kale pamene pakudontha. Zopezekazo zilembedwe pa tsamba limodzi, pamodzi ndi chimene chisinthidwe semesita yotsatira, kaya ndi kusuntha mutu wa malonda a nsalu kuti ubwere koyambirira kapena kugula zovala zina za pa tebulo. Tsambalo likhale mu fayilo ya dipatimenti, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwake ayenera kulipeza asanalembe mayeso ake oyamba.